Kukasaka kamera yaing'ono ku Tokyo

Mwana wa achemwali anga amaphunzira za uinjiniya ku Tokyo, ndipo banja litagwirizana kuti wina akamuone, maso onse anagwera ine monga malume wake. Sindinanyinyirike, chifukwa ndinali ndi nkhani yanganso ku Japan. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikujambula maukwati, zinkhoswe ndi misonkhano ya mpingo ndi Canon EOS 5D Mark III. Ikakhala ndi batire imalemera magalamu 950, ndipo mukaikako lenzi ya 24-105 imapitirira kilo imodzi ndi theka. Pa ntchito imandikwanira bwino lomwe. Koma tsiku limene sindili pa ntchito imatsala m'kabati, kotero amayi akamatongola chimanga pakhonde, kapena ana akamabwera kudambo ali matope okhaokha, palibe chowajambulira koma foni. Ndinkafuna kamera yoti ndiziyenda nayo paliponse, koma yotulutsa zithunzi zoti nditha kutsukitsa zazikulu n'kupachika pakhoma. Makamera ambiri a mtundu umenewu amapangidwa ndi makampani a ku Japan.

Ndinanyamukira pa bwalo la ndege la Kamuzu, lomwe linakuzidwa ndi thandizo la boma la Japan lomwelo, n'kudzera ku Addis Ababa. Ndege inatera kaye ku Incheon, ku South Korea, isanakafike ku Narita. Pa mabwalo onsewa chikwama cha kamera chinali paphewa, ndipo pofika lamba wake anali atandisiyira mzere pakhungu.

Mnyamatayo anandichingamira atavala jekete lochindikala. Unali mwezi wa November, nthawi imene kwathu timakhala tikuwauka podikira mvula yobzalira, koma kumeneko kunkazizira ngati pa Dedza mu June.

"Amalume, mwayenda bwanji? Kumudzi mwawasiya bwanji? Bweretsani chikwamacho." Atachinyamula anachiyesa m'manja. "Zonsezi ndi kamera yokha?"

Ndinamuuza kuti chimene chandibweretsa, kuwonjezera pa iyeyo, ndi chomwecho.

Sitima ya Narita Express imatenga pafupifupi ola ndi theka kuti ifike ku Shinjuku. Munali zii. Ena ankawodzera, ena ankawerenga, ndipo palibe ngakhale mmodzi amene ankayankhula pa foni. Ndinakumbuka minibasi ya ku Area 25, momwe musanafike m'tauni mumakhala mutamva za maliro a ku Mitundu, za mtengo wa feteleza ndi za masewero a Bullets ndi Wanderers. Poyamba bata limeneli ndinaliona ngati kuuma mtima. Nditakhalamo pang'ono ndinaona kuti ndi ulemu wa mtundu wina. Kumeneko munthu amalemekeza mnzake pomusiya ali phee, pamene kwathu timamulemekeza pomusonyeza kuti tamuona.

Pa siteshoni ya Shinjuku pamadutsa anthu oposa mamiliyoni atatu pa tsiku, kuposa anthu okhala m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre mukawaphatikiza, koma sindinamve wina akuitanira, ndipo palibe anandigunda phewa. Chakudya changa choyamba ndinachigula m'kagolosale kosatseka usiku: onigiri, mpunga woumbidwa wokhala ndi nsomba pakati, wokulungidwa m'tsamba lakuda la zomera za m'nyanja, pa mtengo wosafika ma yen 200. Polowa, wogulitsa anafuula kuti irasshaimase. Ine ndinaima kuti ndiyankhe, koma mnyamata uja anandikoka dzanja. Moni ameneyu sayankhidwa. Ndalama nazo simupatsira munthu m'manja, mumaziika m'kambale kamene kali pakauntala. Zinandivuta kuzolowera, chifukwa dzanja langa lamanja linaphunzitsidwa kupereka ndalama lamanzere litaligwira pamkono.

Mashopu a makamera ali kuzambwe kwa siteshoniyi. Kuli Yodobashi Camera, kampani imene inayamba mu 1960, ndipo chapafupi pali Map Camera, yodziwika ndi makamera ogwiritsidwapo kale ntchito. Chimene chinandigwira mtima m'mashopu a zakalewa ndi timapepala toikidwa pambali pa kamera iliyonse. Pamalembedwa gulu limene kamerayo ili malinga ndi mmene yathera, ndipo ngati ili ndi pokalika kapena kafumbi m'lenzi, amalembanso. Kwathu ukamagula chinthu chakale, chilema umachifufuza wekha, ndipo ukachipeza ndiye poyambira kunenerera. Kumeneko chilema amakuuza okha, ndipo mtengo wolembedwawo ndi womwewo. Kunenerera kulibe.

Wogulitsa wina wachikulire, woyera tsitsi, anamvetsera zofuna zanga kudzera mwa mnyamatayo, kenako anayala kansalu pakauntala n'kuikapo makamera mmodzimmodzi, aliyense ndi manja awiri.

Nkhani yonse yagona pa sensa, kachipangizo kamene kamalandira kuwala m'malo mwa filimu. Sensa ikakhala yaikulu imasonkhanitsa kuwala kochuluka, monga mmene denga lalikulu la malata limadzazira mgolo msanga mvula ikamagwa. Kuwala kukachuluka chithunzi chimayera, mithunzi imaoneka bwino, ndipo simuchita timadontho tonga mchenga. Vuto n'lakuti sensa yaikulu imafuna lenzi yaikulu yoti iwalitse mbali zake zonse, ndipo galasi limalemera. Apa m'pamene opanga makamerawa amalimbana, ndipo aliyense amasankha choti ataye.

A Sony anayamba mu 2012 ndi RX100, yokhala ndi sensa ya mamilimita 13.2 m'litali ndi 8.8 m'lifupi. Imene wogulitsayo anandionetsa inali RX100 VII ya mu 2019, yolemera magalamu 302 okha, koma lenzi yake imayambira pa 24 n'kukoka mpaka 200. Ndiye kuti mutaima kumbuyo kwa tchalitchi mutha kujambula nkhope ya wotsogolera kwaya. Ndinaikonda. Mnyamatayo anandinong'oneza kuti makamera a Sony opangira msika wa m'Japan momwemo amakhala ndi malangizo a m'Chijapani chokha, choncho mlendo ayenera kufunsa kaye.

Kumapeto ena a kansalu kuja kunali Leica Q3 ya ku Germany, yokhala ndi sensa ya mamilimita 36 ndi 24, yofanana ndi ya kamera yanga yaikulu, kuposa ya Sony ija kasanu ndi kawiri. Imalemera magalamu 743, ndipo inatuluka mu 2023 pa mtengo wa madola 5,995, ndalama zoti zikhoza kukugulirani Sienta yakale ku Japan komweko. Ndinaigwira mwaulemu n'kuibweza. Ngakhale ndalamazo zikanakhalapo, kulemera kwakeko kukanaibwezera m'kabati muja.

Pakati pa ziwirizi panali Ricoh GR III ndi Fujifilm X100V. Zonse zili ndi sensa ya APS-C, ya mamilimita pafupifupi 23.5 ndi 15.6, yoposa ya Sony katatu. Zonse zinataya chinthu chimodzi kuti zichepe: lenzi yake sikoka. Mukafuna chinthu chikule, mumayenda n'kuchiyandikira. GR III imalemera magalamu 257 ndipo imalowa m'thumba la shati. X100V imalemera 478, siilowa m'thumba, koma ili ndi kazenera kosuzumira ndi diso, ndipo lenzi yake ya f/2 imalowetsa kuwala kowirikiza kawiri kuposa ya f/2.8 ya GR.

Tsiku limenelo sindinagule kanthu. Wogulitsayo sanasonyeze kukhumudwa. Anatiperekeza mpaka pakhomo n'kuwerama.

Mnyamatayo ali ndi RX100 VI yakeyake, ndipo anabwerekanso GR III kwa mnzake wa kusukulu kuti ndiyese. Madzulo tinapita ku Omoide Yokocho, kanjira kopapatiza pafupi ndi siteshoni, kodzaza ndi timalo towotchera nyama ya nkhuku yotungidwa pa timitengo. Utsi wake ndi fungo lake zinandifikitsa pa kanyenya wa ku Bwandilo, kungosiyana kuti pano aliyense amakhala pampando wake, anthu asanu ndi atatu kapena khumi mothithikana, ndipo wowotcha amakupatsa kansalu konyowa kopukutira m'manja. Ndinamujambula mnyamatayo ndi makamera onse awiri atakhala pansi pa nyali yofiira ya pepala.

Pa sikirini yaing'ono zithunzi zinkaoneka zofanana. Titakaziika pa kompyuta m'pamene kusiyana kunatuluka, ndipo kunatulukira pamene pamandikhudza kwambiri. Anthu amene ndimajambula ndi akuda khungu ngati ine, ndipo kawirikawiri amakhala mumthunzi: pakhonde masana, m'nyumba ya mawindo ang'onoang'ono, m'tchalitchi magetsi atazima. Kuti nkhope yotere ioneke ndi maso ake ndi makwinya ake, wojambula amayenera kuwalitsa mithunzi pokonza chithunzi. Nditawalitsa cha Sony, tsaya la mnyamatayo linachita mchenga ndipo khungu linataya mtundu wake. Cha Ricoh chinapirira. Ndiyenera kuchitira chilungamo a Sony: ma RX100 ena akale, monga III ndi V, ali ndi lenzi yoyambira pa f/1.8, ndipo mumdima amayandikira kwambiri GR, koma amakoka kulekeza pa 70. Kufika pa 200 kuja kunagulidwa ndi kuwala. Usiku umenewo ndinadziwa kuti pansi pa APS-C sinditsika, chifukwa sindingapereke kwa mayi wokalamba chithunzi chimene nkhope yake yasanduka phala.

Madzulo omwewo, titachoka ku Omoide Yokocho, tinawoloka kupita kuvuma kwa siteshoni, ku Golden Gai, dera la timabala tating'onoting'ono. M'misewu imeneyi ndi momwe wojambula wotchuka Daido Moriyama wakhala akuyenda kwa zaka zambiri, ndipo dzina lake limatchulidwa limodzi ndi makamera a GR, omwe anayamba mu 1996 ali a filimu. Zithunzi zake ndi zakuda ndi zoyera, zamchenga, zina zosalunjika bwino, koma zimakugwira pakhosi. Zimatsutsa aliyense amene amaganiza kuti ubwino wa chithunzi ndi sensa basi. GR inapangidwira kujambula kotero: imayaka msanga, dzanja limodzi limakwanira, ndipo ukadina munthu sadziwa n'komwe.

Komabe pa makoma a ku Golden Gai pali zikwangwani zoletsa kujambula popanda chilolezo. Mnyamatayo anandionetsanso kuti foni zogulitsidwa ku Japan zimalira ukamajambula, ndipo phokosolo silizimitsika, pofuna kuteteza anthu kwa ojambula mobisa. Dziko lomwelo limene limapanga kamera yosaoneka limaopanso diso losaoneka. Ndinaibweza GR ija m'thumba ndipo ndinayamba kuganiza za kwathu. Kumudzi kujambulidwa ndi mwambo. Mayi amati, "Dikirani ndimange bwino chitenje." Agogo amalowa m'nyumba kukavala jekete. Ana amathamanga akufuula, "Tijambuleni! Tijambuleni!" Munthu amafuna adziwe kuti akujambulidwa, ndipo akazindikira kuti wamujambula mwakabisira amakufunsa kuti chithunzicho ukupita nacho kuti. Funso limeneli ndi loyenera. Kamera yanga yaikulu, ngakhale imalemera, imaodira yokha ndisanalowe pabwalo. Sindikufuna kamera yondiphunzitsa kuba nkhope za anthu amene anandilera.

Tsiku lina m'mamawa tinakwera sitima ya Keio kupita ku phiri la Takao, ulendo wosakwana ola limodzi kuchoka ku Shinjuku. Phirili ndi lalitali mamita 599, laling'ono kwa munthu wodziwa Mulanje, koma lokwanira kuyesera katundu. Kamera yaikulu ndinaisiya. Masamba anali atafiira, ena achikasu, ndipo anthu anali ambiri: mabanja, ana a sukulu, agogo a ndodo ziwiri oyenda mwachangu kuposa ife. Chodabwitsa n'chakuti anthu omwewo amene m'sitima sayang'anana, m'tinjira ta m'nkhalango amapatsana moni. Wotsika aliyense ankati konnichiwa, ine n'kuyankha ndi mtima wonse. Moni ameneyu ndinali nditamusowa.

Apa GR inandionetsa mphamvu yake. Ndinakwera phiri lonse manja ali lende, khosi lili lomasuka, ndipo ndinajambula zinthu zimene ndi kamera yaikulu ndikanazidutsa chifukwa cha ulesi wotsegula chikwama: mizu ya mitengo ikuluikulu yodutsa panjira, utsi wa lubani pa kachisi wa Yakuo-in, nsapato za ana zofoledwa pakhomo. Ndinamvetsa chifukwa chake anthu amaikonda chonchi. Koma inandionetsanso malire ake. Pamwamba pa phiri dzuwa litawala, sikirini inachita mbuu, ndipo popanda kazenera ka diso ndinkajambula mongoyerekeza. Limenelo linali dzuwa lofooka la ku Japan nyengo yozizira. Nanga la ku Salima mu October? Batire nayo inatha tisanatsike, ndipo opanga ake amanena okha kuti imajambula zithunzi pafupifupi 200. Kuthambo kunali koyera, phiri la Fuji likuoneka kutali ndi chipale chake. Mnyamatayo analikoka ndi Sony yake mpaka linadzaza chithunzi, pamene pa GR linangokhala kadontho.

"Mwaona, amalume? Yaing'onoyi musaipeputse," anatero.

Sindinaipeputse. Kwa iye, amene amajambula masana kuti atumizire mayi ake pa WhatsApp, ndi kamera yoyenera, ndipo ndinamuuza choncho.

Titatsika tinadya soba wa tororo, chakudya chodziwika cha kuphiriko: timizere ta ufa wa mbewu ina totuwa, pamwamba atathirapo chilazi chopala chimene chimanyololoka ngati therere. Anthu amadya mokoka ndi phokoso ndipo si mwano. Titamaliza ndinafuna kusiya kangachepe ka woperekera zakudya, koma mnyamatayo anandiletsa kuti akhoza kutithamangira nako poganiza kuti taiwala chenji.

Panatsala nkhani ya fumbi, imene ku Tokyo munthu sangaiganizire chifukwa misewu yake ili ngati yokolopa. Lenzi ya GR imatuluka ukayatsa n'kubwerera ukazimitsa, kamerayo ilibe zotchinga fumbi kapena madzi, ndipo eni ake ambiri amadandaula kuti fumbi limatha kufika pa sensa. Poti lenzi sichoka, sungapukute wekha. Ndinaganiza za msewu wopita kwathu mu September, wa kabaza ali patsogolo, lole ikudutsa, aliyense akufika tsitsi lili lofiira. Amisiri otsegula makamera otere ndi osowa kwathu. X100V, ukaiika mphete ndi galasi loteteza la mamilimita 49 kutsogolo, imatchingika ku fumbi ndi mvula yowaza. Zimenezi zimaikulitsanso pang'ono, kuichotseratu m'gulu la zolowa m'thumba. Batire yake imafika zithunzi 350 kapena kuposerapo, ndipo imatchajidwa ndi chingwe cha USB-C, kotero magetsi akazima pawabanki ya foni imathandiza.

X100V tinakaigula ku Nakano, siteshoni yotsatira kuchoka ku Shinjuku pa sitima yachangu ya Chuo, komwe kuli Fujiya Camera ndi timashopu tina m'tinjira ta kumpoto kwa siteshoni. X100VI yatsopano, yotuluka mu 2024 ndi mamegapikiseli 40 ndi magalamu 521, inali yosapezeka, chifukwa makamera a X100 anatchuka pa TikTok mpaka opanga analephera kukwaniritsa ofuna. N'chifukwa chake X100V yogwiritsidwapo kale ntchito inkagulitsidwa modula kuposa mmene inkagulidwira ili yatsopano mu 2020. Kwa munthu wolandira makwacha, pambuyo poti ndalama yathu inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengowo unali wowawa. Ndinaima nthawi yaitali pagalasipo ndikuwerengera maukwati angati amene ndiyenera kujambula kuti ndibweze ndalamazo. Chimene chinandipepuza pang'ono n'chakuti nthawi imeneyo mlendo akaonetsa pasipoti ankamuchotsera msonkho wa 10 peresenti.

Wogulitsa anandionetsa kokalika kakang'ono pansi pa kamerayo, komwe ndekha sindikanakaona, n'kudikira kuti ndivomere asanaikulunge. Ndinapempha kuti asaikulunge. Ndinamangirira lamba pomwepo n'kuikoleka m'khosi. Imaoneka ngati kamera yakale ya filimu, yokhala ndi timagudumu ta manambala pamwamba, ndipo ili pachifuwa aliyense amaiona. Kuti ujambule umaikweza kudiso, munthu n'kudziwa kuti nthawi yakwana, nayenso n'kukhala ndi mpata wokonza kolala kapena wokana. Kulemera kwake sikufika gawo limodzi mwa magawo atatu a katundu amene ndinabwera naye, ndipo ndinayenda nayo tsiku lonse mpaka usiku khosi osadandaula.

M'sitima yobwerera ku Narita, mnyamatayo anayang'ana chikwama chachikulu chija n'kufunsa motsitsa mawu, monga mwa mwambo wa m'sitima zawo, "Ndiye yaikuluyi mukagulitsa, amalume?"

Ndinati ayi. Lenzi ya X100V ndi imodzi, yofanana ndi 35, ndipo pa ukwati sungakaime pakati pa abusa ndi akwati kuti ujambule mphete ikulowa chala. Pamenepo pamafunika kukoka uli patali, pamafunika fulashi yamphamvu ya pa perekaniperekani, ndipo eni ukwati amene alipira ndalama zawo amafunanso kuona kuti wojambula wabwera ndi zida. Loweruka lidzakhalabe la Canon. Masiku ena onse a sabata ndi a yaing'onoyi, kuyambira ndi chithunzi chimene achemwali anandituma, cha mwana wawo ataima pakhomo la sukulu yake, chomwe ndinachijambula dzulo lake iye atapesa kaye tsitsi n'kundiuza kuti wakonzeka.